Ndinabwerako ku Likoma, koma dzanja langa likujambulabe nyanja

Najere wa ku 36

Moni nonse. Ndine mphunzitsi wa ku sekondale, wobadwira ndi kukulira konkuno ku Lilongwe, ku Kawale. Ntchito inanditengera ku Likoma ndipo ndinakhalako zaka zingapo ndithu. Chaka chatha ndinapempha kuti andibweze kuno chifukwa mayi anga akudwaladwala, ndipo zinatheka. Panopa ndikuchita lendi ku Area 36. Ndinkati poti ndi kwathu ndingofikira kuzolowera, koma chibwerereni mtima sukukhazikika.

Ku chilumba tsiku limayendera dzuwa ndi mphepo. Ku sukulu ndinkapita wapansi, kudutsa pansi pa milambe, ndipo aliyense wokumana naye munkaima n'kulonjerana mokwanira, kufunsana za ana, za odwala, ndi zoti asodzi apha usipa usiku wathawo kapena ayi. Magalimoto ndi owerengeka, ena unkawadziwa ndi kulira kwa injini asanaonekere. Sabata inkazungulira pa tsiku lofika sitima ya Ilala, poti ndi imene inkabwera ndi ufa, shuga, sopo, simenti ndi alendo, ndipo tsiku limenelo anthu onse ankatsikira kugombe. Madzulo ndikamaliza kuchonga makope ndinkakhala pamwala n'kumayang'ana mapiri a ku Mozambique tsidya lija mpaka mdima, kenako nyali za asodzi n'kuyamba kuyaka m'nyanjamo imodziimodzi.

Kuno kuti ndikafike ku ntchito ndi maminibasi awiri, ndipo pa depoti oitanira amachita kukulanda chikwama kuti ukwere yawo. Mahutala, akabaza kukudutsa uku ndi uku, masipika a m'mashopu, usiku bala ya kuseri kwathu kupikisana ndi mapemphero a mbali inayo. Phokosolo mwina ndidzalizolowera. Chimene chikundisautsa kwenikweni ndi maso. Maso anga anazolowera kupita patali osagunda kanthu. Pano ndikatsegula katani ndimaona mpanda wa njerwa wa aneba, pamwamba pake anamatapo mabotolo oswa, ndipo kuchoka pazenera kufika pampandapo mpata wake ndi wongokwana chingwe choyanikira zovala. Ndikatuluka panja, mpanda wina, geti, chikwangwani, kumbuyo kwa minibasi. Pofika madzulo mutu ukuwawa, pachifuwa pathina, tulo osabwera.

Tsiku lina magetsi atazima ndinatola khala lozima pa mbaula n'kuyamba kukhwatchakhwatcha kuseri kwa kalendala yakale. Chinatuluka ndi bwato. Chichokereni ku pulayimale ndinali ndisanajambulepo kanthu kupatula mapu a pa bolodi, koma kuyambira pamenepo pafupifupi usiku uliwonse ndimajambula: mabwato, mathandala oyanikapo usipa, nsanja za tchalitchi cha St Peter ku Chipyela, mlambe wina wa kuseri kwa nyumba yomwe ndinkakhala, wokhala ndi mphako momwe ana ankabisalamo. Ndikajambula kwa kanthawi kupuma kumabwerera m'malo mwake ndipo ndimagonako.

Vuto ndi ili. Mkulu wanga ataona mapepala ali mbwee pakhoma anati, "Iwe thupi lokha ndi limene linatsika sitima. Zojambula zakozi zikukubwezera komweko, sudzazolowera." Mawuwa andikhala pamtima. Ndayesapo kujambula za kuno koma dzanja limangouma, poti palibe chimaima kuti ndichiyang'anitsitse, ndipo kunena zoona sindikuona chokongola choti ndijambule. Kodi alipo amene anachoka kumalo abata n'kubwerera m'tauni, luso la manja n'kumuthandiza? Nyanjayi ndisiye kuijambula? Nanga tauni munthu amayambira pati? Odziwa mundiuzenso chochita kuti makala asamafufutike, ndi penti yotsika mtengo yoyambira, poti malipiro a mphunzitsi mukuwadziwa.

Mwana wa Chipyela

Aphunzitsi, choyamba zikomo potiphunzitsira ana kwathu. Ambiri akawatumiza ku Likoma amayamba kufuna transifa asanamasule n'komwe katundu, ndiye inu amene munakhalitsa mpaka kukukonda, Mulungu akudalitseni. Ine mchombo wanga uli komweko, ndinabatizidwira m'tchalitchi mukujambulacho, chimene anayamba kuchimanga mu 1903. Pano ndili ku Area 25.

Koma mundilole ndinene mosapsatira. Bata mukulisowalo inu munkalimva kukoma chifukwa mwezi ukatha malipiro ankalowa. Kwa mwana wa msodzi moyo wapang'onopang'onowo ndi wowawa. Mwera ukayamba kuwomba, cha mu Meyi mpaka Ogasiti, pamatha masiku bwato osalowa m'madzi, m'nyumba muli kondowole wopanda ndiwo. Nthaka ndi ya miyala ndi mchenga, chimanga chambiri chimachokera kumtunda, nkhuni zimawoloka kuchokera ku Mozambique. Kalembera wa 2018 anapeza anthu opitirira 14,000 pa Likoma ndi Chizumulu, pa kamalo kochepa choncho, ndipo ntchito zolembedwa n'zowerengeka. Munthu akadwala matenda ofunika chipatala chachikulu cha kumtunda, nyanja yomweyo mukuti ndi yokongolayo mumaiyang'ana mtima uli m'mwamba, kudikira kuti mafunde atsike. Azakhali anga anatisiya tikudikira choncho. Ambirife tinachoka chifukwa cha zimenezi, osati chifukwa chodana nako kwathu.

Sindikuti musiye kujambula Likoma, ayi. Ndikuti mukajambula bwato mujambulenso manja a munthu amene wakoka khoka la chilimira usiku wonse, ndi amayi otsitsa mitolo ya nkhuni m'boti madzi ali m'chiuno. Mukaika zonse ziwiri, chokoma ndi chowawa, Lilongwe sadzaonekanso kuti ndi chilango chanu.

Komanso Likoma ali konkuno. Pitani mumsika mbali ya nsomba m'mamawa, mukamve fungo la usipa wouma ndi utaka, mukaone mmene amayi amaunjikira milu, mukafunse kuti nsombazo zachokera doko liti. Lamulungu lowani m'tchalitchi cha Anglican mumvetsere kwaya, simulephera kupezamo wa kwathu. Ine chimene chinandilimbitsa zaka zoyamba ndi malipenga. Tinapezana anyamata a kunyanja angapo, wina anabweretsa ng'oma, ine ndinapanga lipenga la chikho monga ankapangira agogo, Loweruka masana n'kumakavina pa bwalo la mpira titavala zoyera mpaka masokosi. Ana a mu 25 ankatizungulira n'kumaseka, pano ena mwa iwo ndi amene akutsogolera mzere.

Wolemba masayini ku Mchesi

Achemwali, ine sukulu ya zojambula sindinapiteko. Ndinaphunzirira pa makoma a masaluni, mabutchala ndi magolosale, ndipo ndi ntchito imene ikudyetsa ana anga. Ndiyambe ndi zipangizo.

Makala a pa mbaula ambiri ndi a mitengo yolimba, amakanda pepala. Dziwotchereni anu. Dulani timitengo towongoka, tofanana ndi pensulo kunenepa, tisendeni makungwa, tiume. Mutilonge m'chitini chokhala ndi chivundikiro, muboole kabowo kamodzi pamwamba ndi msomali, n'kuika chitinicho pamoto. Utsi uzituluka pakabowopo. Ukasiya, phulani chitinicho koma musatsegule mpaka chizizire, apo ayi timitengoto tiyaka n'kusanduka phulusa. Makala ake amakhala ofewa, amamvera chala ukafuna kupanga mthunzi. Kuti asafufutike gulani sipule ya tsitsi ija ya ku saluni, mupopere pang'ono muli chapatali, iume, mubwereze. Pakapita zaka pepala limachita chikasu pang'ono, koma kwa wophunzira n'zokwanira.

Za penti, musathamangire timachubu todula tija. Bwerani kuno ku Mchesi kwa akalipentala mupemphe zidutswa za pulayiwudi kapena hadibodi, amagulitsa motchipa, zina amangopereka. Ku hadiweya gulani kachitini ka penti ya madzi yoyera yotchedwa PVA, guluu wa matabwa, ndi timabotolo ta utoto wosakanizira penti, wofiira, wachikasu, wabuluu ndi wakuda. Thabwalo likwecheni ndi sandipepa, mulipake kawiri PVA yothira guluu pang'ono, liume bwinobwino. Mitundu ina yonse muzipanga nokha. Wabuluu ndi wachikasu akupatsani wobiriwira, wofiira ndi wabuluu, mutathira PVA yoyera pang'ono, akupatsani mtundu wa maluwa a jakaranda a mu Seputembala ndi Okutobala. Chenjezo limodzi: penti ya madzi musaipake pamwamba pa penti ya mafuta yonyezimira, imamatuka. Ndipo mtundu weniweni wa Lilongwe simuupeza m'botolo. Tapani katondo, mumuumitse, mumusinje, mumusefe ndi kansalu, musakanize ndi madzi ndi guluu. Ndi umene uli pa nsapato zathu, m'munsi mwa makoma ndi pa masamba a mango mvula isanagwe.

Tsopano zoti palibe chimaima. Zilipo zambiri. Mlatho suyenda, mapolo a magetsi sayenda, benchi ya wogulitsa tomato siyenda. Yambani ndi zimenezo, anthu muwaikemo pambuyo. Ndipo mukakhalitsa malo amodzi mudzaona kuti anthu a m'tauni amabwereza zomwezomwezo tsiku lonse. Wachiwaya amatembenuza tchipisi ndi mkono womwewo, kondakitala amalendewera pachitseko mofanana, mayi wa kaunjika amakutumula malaya n'kuwaponya mbali imodzi. Mukaphonya mzere musadandaule, dikirani, abwerezanso. Musayambe ndi nkhope, nkhope imachedwetsa. Yambani ndi msana ndi mapewa, poti kulemera kwa katundu amene munthu wasenza kumaonekera pamenepo.

Koma muzipempha kaye. Munthu wokhala phee ndi kope mumsika anthu amamuyesa wa khonsolo kapena mtolankhani, ena amaganiza zoipa kuposa apo. Gulani kamulu ka tomato, chezani, nenani kuti ndinu mphunzitsi ndipo mukuphunzira kujambula, mukamaliza muwaonetse. Akakana musaumirire. Pafupi ndi mabanki, malo a asilikali ndi apolisi kopelo musalitulutse n'komwe.

Anamwino a ku 18

Ine ndinagwirako ntchito ku Chizumulu, kochepa kuposanso Likoma, ndipo nditabwerera ndinkalira m'bafa popanda wondiyamba. Za maso mukunenazo ndikuzidziwa bwino. Lilongwe ali ndi malo oonera patali, kungoti umachita kuwafuna. Inu muli ku 36, tulukani m'mamawa cha ku Bunda Turn-off, mulowere msewu wa ku Bunda, phiri la Bunda limaoneka bwino, makamaka mvula yoyamba ikatsuka fumbi. Mukalakalaka madzi, Kamuzu Dam ku Malingunde si kutali. Mukafuna mitengo ndi mbalame, nkhalango ya Lilongwe Wildlife Centre ili pakati pa Old Town ndi City Centre, m'mbali mwa mtsinje wa Lingadzi. Polowa mumalipira, koma mutha kuswera momwemo ndi kope lanu.

Chinanso ndinene monga wachipatala. Kusowa tulo ndi kuthina pachifuwa zikapitirira, kapena mukayamba kusafuna kudya ndi kuonana ndi anthu, pitani mukaonane ndi adokotala. Kujambula kupitirire, koma kusakulepheretseni kukapimitsa.

Agogo a ku Area 15

Mwanangu, ine ndinapuma ntchito ya uphunzitsi kalekale. Lilongwe ndinamuona akusanduka likulu mu 1975, mbali zambiri zimene pano kuli nyumba zothinana kuli minda ndi tchire. Pofika 2018 kalembera anapeza kuti tatsala pang'ono kukwana 1 miliyoni. Ndiye musadabwe kuti mzinda munausiya si umene mwaupeza. Ngakhale ife amene sitinachoke umatizunguza mutu.

Mkulu wanu akunena chifukwa chokukondani, koma ine sindikugwirizana naye. Munthu mukamuletsa kukumbukira kumene anakhala bwino sazolowera msanga, amangouma mtima. Mayi anga atapita ku chitengwa kuchoka kwawo ku Dedza, ankazira nyumba ndi dothi loyera, lofiira ndi lakuda, n'kulemba m'khonde timizere tomwe ankalemba atsikana kwawo. Palibe anawanena kuti mtima uli m'mbuyo. Akazi anzawo ankabwera kudzafunsa kumene akumba dothilo, ndipo ubwenzi wawo pamudzi wachilendowo unayambira pakhonde pomwepo.

Mukapeza mpata pa holide, kwerani basi ya ku Dedza mukaone zojambula za pamiyala ku Chongoni. Malo ake alipo 127, ndipo bungwe la UNESCO linawaika m'gulu la malo ofunika padziko lonse mu 2006. Zofiirazo ndi zakale kwambiri, za Akafula. Zoyerazo ndi za makolo athu Achewa, zambiri zokhudza chinamwali ndi Nyau, zopaka ndi dothi loyera basi. Kenako mukatsikire ku Mua, ku Kungoni, malo amene Bambo Claude Boucher anayambitsa mu 1976, mukaone osema ziboliboli ndi zithunzi za pa makoma a Chamare Museum. Ndinapitako ndi ana a sukulu, ndipo mwana wina amene m'kalasi sankatsegula pakamwa anabwerako akujambula, osaleka.

Inunso muli ndi ana m'manja. Ambiri mwa iwo nyanja sanaionepo, pomwe depoti akuidziwa kona iliyonse. Inu muwajambulire Likoma, iwo akujambulireni kwawo, mudzaona zimene maso anu akudumpha.

Najere wa ku 36

Zikomo nonse, ndawerenga mobwerezabwereza. Achimwene a ku Chipyela, pepani za azakhali anu. Zimene mwanenazo ndinaziona ndi maso anga, ana ogona m'kalasi chifukwa usiku anali pa nyanja, ena obwera opanda kanthu m'mimba mwera ukalimbikira. Mutanena ndinayang'ana pakhoma panga: mabwato opanda opalasa, mathandala opanda oyanika, munthu ngakhale mmodzi panalibe. Usiku wa dzana ndajambula mayi amene ankandigulitsa nkhuni, mtolo uli pamutu, chitenje chitanyowa mpaka m'chiuno. Agogo, nyanja sindisiya, mwandimasula.

Loweruka ndinachita zimene ananena achimwene a ku Mchesi. Ndinapita ku timilatho tamitengo tija towolokera mtsinje wa Lilongwe pakati pa misika, tomwe umapereka kandalama kuti udutse. Ndinalipira, ndinacheza ndi mnyamata wotolera ndalama, anandibwereka chigubu chokhalira. Ndinayamba ndi mlatho weniweniwo. Ndadutsapo kambirimbiri m'moyo mwanga, koma palibe tsiku ndinaona kuti mulibe thabwa lofanana ndi linzake. Pena ndi bulugamu wosasenda, pena zidutswa za mapaleti, pena akhomerera chigamba pamwamba pa chigamba, misomali itapindidwira pansi kuti isabaye phazi. Munthu akadutsa ndi thumba la makala mlatho wonse umatsika pang'ono n'kubwerera. Kenako ndinaona kuti amayi osenza madengu onse amachepetsa liwiro pamalo amodzi, pomwe pali thabwa lopendekeka, n'kutambasula dzanja lamanzere. Woyamba ndinamuphonya. Ndinadikira, wina anachita chimodzimodzi, winanso, mpaka dzanjalo linakhala papepala. Pansi anyamata ankachapa nsapato za kaunjika n'kumaziyanika pamiyala m'mizere, zoyera pazokha. Madzi ake ndi akuda, mapulasitiki ali mbwee, fungo si labwino, ndipo zakudazo ndinaziikanso, sindinazibise.

Phokoso linalipo lonse monga mwa masiku onse, koma sindinalimve mpaka mnyamata uja atandigwira paphewa kuti aone. Anayang'anitsitsa n'kuloza thabwa lina papepalapo, akuti analikhoma yekha madzi atakokolola mbali ya mlatho, ndipo akufuna ndikabwerenso ndimujambule iyeyo ataima pamenepo. Ndamulonjeza.

Tulo sitinabwerere bwinobwino, ndipo anamwino ndakumvani, ndipita. Lolemba ndikapempha ahedi ngati angandilole kuyambitsa kakalabu ka zojambula tikaweruka. Funso lina kwa achimwene a ku Mchesi: katondo ndinasefa n'kusakaniza monga munanenera, koma atauma wang'ambikang'ambika ndipo pena akuyoyoka. Chavuta n'chiyani?

Wolemba masayini ku Mchesi

Wakhuthala kwambiri, achemwali, ndipo guluu wachepa. Dothi likamauma limakhwinyata, ndiye likachuluka pamalo amodzi limang'ambika. Sungunulani guluu m'madzi kaye, muzithira katondo pang'onopang'ono uku mukutakasa, mpaka afanane ndi phala la mwana wakhanda. Pakani mopyapyala, liume pamthunzi osati padzuwa, kenako mubwereze mpaka mtundu ukwane. Yesani pa kachidutswa kaye. Kakauma mupukute ndi chala, chala chikafiira onjezani guluu.

Za kalabu ya anayo, ahedi akalola mundiuze. Zidutswa za matabwa ndikusonkhanitsirani kuno kwa anzanga akalipentala, inu mudzangolipira wa kabaza.